Gemu yaulere inatsala pang'ono kundidulitsa mwendo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Kwa amene simundidziwa, ndine Lameki wa ku Monkey Bay, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti. Ambiri munamva kuti ndinathyoka mwendo chaka chatha ndipo munandipempherera. Chomwe simunamve n'chakuti mwendowo unatsala pang'ono kudulidwa, osati chifukwa cha ngozi ija, koma chifukwa cha gemu ya pafoni imene ndinaitenga yaulere. Ndakhala ndikuchita manyazi kuifotokoza nkhaniyi, koma mkazi wanga Esinati wandiuza kuti mwina ilipo nyumba ina imene ikufunika kuimva.

Ngoziyo inachitika tikutsitsa injini m'boti. Chingwe chinaduka, injini inandigwera pantchafu, fupa n'kuthyoka pawiri. Kuchipatala chachikulu ku boma anandiika zitsulo, ndipo ponditulutsa anandilembera masiku oti ndizipita kukaonetsa bala. Dokotala ananenetsa kuti ndisadumphe tsiku ngakhale limodzi.

Kunyumba n'kumene ndinadziwa kutalika kwa tsiku. Esinati amagula usipa ku Nkope, kuuyanika n'kumagulitsa, choncho ankachoka m'mawa. Ana athu awiri ankapita kusukulu. Ine ndinkatsala pamatiresi pabalaza, mwendo uli tantha, botolo la madzi pambali. Milungu yoyamba anthu ankabwera kudzandizonda, koma aliyense ali ndi zake, ndipo sindikuwadandaula. Ndine munthu wozolowera kugwira zitsulo kuyambira ndili mnyamata. Kungokhala manja ali lende kunkandipweteka kuposa mwendo.

Tsiku lina ndikuyang'ana zinthu pafoni ndinaona gemu ikutsatsidwa, yomanga mudzi wa padoko. Umakhala ndi maboti, nyumba, minda, ndipo umalowa m'gulu la anthu ena kuti muzithandizana popikisana ndi magulu anzanu. Inali yaulere, ndiye ndinaiika mufoni. Ndinapeza gulu la Amalawi okhaokha, ocheza m'Chichewa, ena kusakaniza Chiyao. Aliyense anali ndi dzina longopeka. Mtsogoleri wathu ankadzitcha Nangula.

Ndikufuna ndinene zoona pamaso pa Mulungu: miyezi yoyamba gemu ija inandithandiza. M'mawa ndikatsegula ndinkapeza anthu andipatsa moni. Nditawauza kuti ndili chigonere, ankandifunsa kuti mwendo wadzuka bwanji. Wina akasowa matabwa omangira boti lake ndinkamutumizira, iye n'kuthokoza. Ndinayambanso kuseka, mpaka Esinati anati foniyo yamuchepetsera nkhawa akakhala ku Nkope. Ikanakhala yogula sindikanaiyamba n'komwe, pakuti nthawi imeneyo sindinkapeza kanthu.

Koma zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Poyamba nyumba inkatha kumangidwa pa mphindi imodzi. Kenako inayamba kutenga maola, kenako tsiku lathunthu, kenako masiku atatu. Ukamadikira, pankatuluka kabokosi konena kuti ukagula madayamondi ntchitoyo itha pompo. Ulendo woyamba ndinagula a mtengo wa mandasi ochepa chabe, kudzera mu ndalama ya pafoni, ndipo ndinati palibe vuto. Mawa lake anandibweretsera ena ochuluka pa mtengo wotsika, atalemba kuti ndi za lero lokha, kawotchi kakuwerenga nthawi pakona. Ndinagulanso.

Mudzi wanga unakula kuposa wa aliyense m'gulu. Pampikisano wa kumapeto kwa sabata ndine amene ndinkapambanitsa anzanga, ndipo ankandilembera kuti popanda ine gulu silingaime. Abale, taganizani munthu amene sangathe kupita yekha kuchimbudzi, amene mkazi wake amamusambitsa, akuuzidwa mawu amenewo. Madayamondiwo sindinkawafuna kwenikweni. Ndinkafuna kumva kuti ndidakali wofunika penapake.

Popeza mwendo sunkapindika, sindikanatha kukwera minibasi. Amayi a kumpingo kwathu anasonkha ndalama yoti ndizichitira hayala galimoto popita kuchipatala, ndipo Esinati anaiika mufoni yanga chifukwa ine ndi amene ndinkalankhula ndi dalaivala. Ndalama imeneyo ndi yomwe ndinayamba kutapa. Nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti ndatapa pang'ono, ndibweza ndikachira. Tsiku lopita kuchipatala litakwana, inali yosakwanira. Ndinauza Esinati kuti akuchipatala aimba foni, asintha tsiku. Anandikhulupirira, chifukwa pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanamunamizepo pa nkhani yotere. Tsiku lachiwiri litakwana ndinanamanso, ndipo apo n'kuti ndalama yonse itatha.

Bala linayamba kutentha ndi kutupa. Ndinkalifunditsa chitenje, n'kumauza Esinati kuti ndatsuka kale ndekha. Thupi linayamba kuphwanya, ndinati ndi malungo. Lachiwiri lina m'mawa Esinati anakana kundimvera, anavundukula chitenje chija. Mafinya anali atanyowetsa bandeji yonse ndipo fungo linadzaza m'nyumba. Anatenga foni yanga kuti aimbire dalaivala pompo, ndipo ndinamugwira dzanja n'kumuuza zonse.

Sanakalipe. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Kenako anati, "Bambo a Tadala, amayi aja ena anagulitsa nkhuku zawo. Ndikawauze kuti chiyani?"

Mpamba wake wonse unali mu usipa umene unali pathandala ku Nkope, usanaume. Anati apita akayese kuugulitsa choncho ngakhale motchipa, mwina galimoto ipezeka mawa kapena mkuja. Anandiikira madzi ndi phala pambali, n'kutuluka osatsanzika.

Masana a tsiku limenelo sindidzawaiwala. Dzuwa linali litatentha malata, ine ndikunjenjemera ndi kuzizira. Ndinkaona mwendo wanga utadulidwa, ndinkaona Esinati akunyamula katundu kubwerera kwawo, ndipo ndinkadziwa kuti akatero palibe angamunene. Ndinali nditasiya kupemphera kwa milungu yambiri, chifukwa munthu wonama savutika kupeza chifukwa chozembera Mulungu. Koma masana amenewo ndinalira ngati mwana. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati Ambuye, ndadziononga ndekha, ndilibe chonamizira, koma musalole kuti mkazi wanga ndi ana alipire uchitsiru wanga.

Nditatha ndinatenga foni kuti ndifufute gemu ija. Ndisanatero ndinaona kuti ndi bwino nditsanzike anzanga, ndipo sindikudziwa chomwe chinandipatsa mphamvu yolemba zoona. Ndinawauza kuti mudzi umene ankauyamikira ndinaumanga ndi ndalama ya kuchipatala, ndipo mwendo wanga wayamba kuwola. Pasanathe mphindi zambiri Nangula anandilembera pandekha kupempha nambala yanga.

Miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti Nangula ndi mnyamata wa mu tauni. Foni italira ndinamva mawu a mayi wachikulire, Chichewa chake chopendekera ku Chiyao. Anati dzina lawo ndi Abiti Jafali, amakhala ku Nkope, amuna awo anamwalira n'kuwasiyira maboti awiri ndi kalole konyamula nsomba. Gemuyo ankasewera podikira maboti kugombe, ndipo anali asanagulepo kanthu ngakhale kamodzi.

"Achimwene," anatero, "ine ndinaona mudzi wanu ukukula msanga, ndipo ndinkadziwa kuti ndinu wodwala wosagwira ntchito. Mtima unandiuza kuti ndikufunseni, koma ndinakhala chete chifukwa tinkapambana. Pamenepo ndinalakwa ndine. Akazi anu dzina lawo ndani?"

Nditatchula Esinati ndi kunena kuti ali ku Nkope komweko, anati akumudziwa, amayanika usipa chapafupi ndi msuweni wawo. Ananyamuka nthawi yomweyo kukamupeza. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti anali atatsala pang'ono kupereka usipa wonse kwa wogula wina pa mtengo wolira nawo, pamene mayi wovala mpango anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asagulitse, galimoto ilipo.

M'mawa mwake kalole kaja kanaima pakhomo pathu. Kankapita ku boma ndi nsomba, koma Abiti anauza mlamu wawo Che Idrisa, amene amakayendetsa, kuti ayambe wadzera ku Monkey Bay ngakhale kunali kubwerera m'mbuyo. Anasuntha madengu, anayala matiresi, anandinyamula ndi aneba awiri. Ndinayenda ulendo wonse nditagona pakati pa madengu a utaka, Esinati atandigwira mutu kuti usagunde chitsulo. Njira yonse dzanja lake sanalichotse.

Dokotala atatsegula bala anandifunsa chifukwa chimene ndinadumphira masiku. Ndinamuuza zoona. Anati matenda anali atatsala pang'ono kulowa m'fupa, ndipo ndikanachedwa masiku ena ochepa akanakamba za kudula. Anandigoneka, anatsuka balalo kawiri kuchipinda cha opaleshoni, ndipo ndinakhala pa jakisoni milungu iwiri. Abiti Jafali anabwera kudzandiona Lachisanu lina atachoka kumzikiti. Aka kanali koyamba kuonana maso ndi maso. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Anandipempherera m'njira yawo, ine ndinayankha ameni m'njira yanga.

Nditatuluka anachitanso china chimene sindinapemphe. Anatumiza injini yawo imodzi imene inkavuta kulira, Che Idrisa n'kuiika pabenchi pakhonde pathu kuti ndiikonze nditakhala pansi. Tsiku lomwelo ndinagwiranso sipanala. Injiniyo italira, Abiti anauza eni maboti anzawo, ndipo mpaka lero mainjini amandipeza pakhonde.

Chovuta kwambiri chinali kukaima pamaso pa amayi a kumpingo. Esinati anati iye sandinenera, ndikanene ndekha, ndipo ankanena zoona. Ndinapita ndi ndodo ziwiri pa tsiku lawo la mapemphero n'kuulula. Ena anakhumudwa ndipo sanabise. Mayi wina amene anagulitsa nkhuku anati wandikhululukira, koma zimupweteka kwa kanthawi. Ndinawakonzera pampu ya pachitsime cha kutchalitchi, osati kuti ndigule chikhululuko, koma kuti manja anga anenenso zimene pakamwa pananena.

Anthu amandifunsa ngati magemu amenewa ndi a Satana. Ine sinditha kuyankha mwachidule choncho. Gemu yomweyo inandipatsa anthu ocheza nawo pamene ndinali ndekha, ndipo kudzera momwemo Mulungu anandikonzera mthandizi amene sindikanamudziwa. Ndikudziwanso kuti amene amapanga magemu ndi antchito, ayenera kudya. Koma ndinafunsa mumtima kuti ngati ambiri akusewera ulere, amene akulipirira onsewo ndani? M'gulu lathu tinali ine wodwala, ndi bambo wina amene anaulula pambuyo pake kuti mkazi wake anali atangomwalira. Kawotchi kaja ndi mawu oti lero lokha sizivutitsa munthu amene moyo wake uli bwino ngati Abiti. Zimagwira munthu amene wafooka kale. Pamenepo ndi pamene ndimaona kuti opanga ake akanachita chifundo, n'kugulitsa zinthu zawo poyera popanda kuthamangitsa munthu.

Ine ndinaifufuta, chifukwa ndikudzidziwa. Abiti akusewerabe, koma anaika lamulo m'gulu kuti wina akayamba kukula mothamanga azimufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Akuti gululo latsika kwambiri pampikisano ndipo ena anachokamo, koma iwo alibe nazo ntchito. Nambala yachinsinsi ya ndalama ya mufoni yanga amasunga ndi Esinati. Ndinamupempha ndekha, ndipo sindiona kuti zandichotsera ubambo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wonama. Ndikuthokoza Abiti Jafali ndi Che Idrisa, amayi a kumpingo, ndi mkazi wanga amene anali ndi chifukwa chokwanira chochokera koma anakhala. Inu amene muli ndi wodwala kunyumba, musangokondwa kuti foni ikumusangalatsa, khalani naye pansi mumufunse zimene akuchita mmenemo, mofatsa, osamuchititsa manyazi. Ndipo iwe amene ukubisa kanthu ngati mmene ndinkabisira ine, nena lero, bala lisanafike pafupa. Usaope kuti Mulungu watopa nawe, ndipo usamusankhire munthu woti akuthandizire.

Lachinayi likubwerali ndikupita kukaonetsa mwendo komaliza. Bondo layamba kupindika, moti tikwera minibasi ngati anthu ena onse, ine ndi Esinati mpando umodzi. Mutikumbukire m'mapemphero, ndipo Ambuye akusungeni nonse.