Phokoso la dizilo litatha, nyimbo yanga inamveka

Moni abale ndi alongo, moni amayi anzanga kumbuyoko. Ambuye alemekezeke. Ine ndine Nangozo, kwathu ndi ku Ntcheu, koma imvi izi zamerera kuno ku Durban. Sukulu sindinapondeko, ndiye mundipirire, ndingonena mmene zinayendera.

Ndimasesa m'nyumba yaikulu yosungiramo nsalu ku Pinetown. Mmenemo muli tigalimoto tija ta nyanga ziwiri kutsogolo, tonyamula mabelo, amati mafokolifiti. Kale tinali ta dizilo. Phokoso lake, abale! Utsi wake, ukamina mamina akuda bii. Koma ine phokoso limenelo ndinkabisalamo.

Mukudziwa mmene timakhalira kuno. Mu teksi chete, mu shopu chete. Kuntchito ndinkangovomera m'chizulu kuti yebo, yebo, mpaka ananditcha Gogo Yebo. Ankandiyesa nzika yamanyazi ya dziko lino, ya kuchigawo cha Limpopo, ine osatsutsa. Koma injini zikangolira, ndinkatsegula pakamwa. Ndinkaimba nyimbo zathu za amayi za pa Lachinayi, ndinkapempherera adzukulu awiri amene malemu mwana wanga anandisiyira. Mokweza, tsache lili m'manja. Wondimva anali Mulungu yekha.

Ndiye bwana anati utsi ukudetsa nsalu, ogula akubweza. Anagulitsa ta dizilo tonse n'kubweretsa tamagetsi, totchaja pakhoma ngati foni. Anzanga anasangalala. Inenso chifuwa chinasiya, sindinganame. Koma timeneti sitilira, abale. Timangoti shwii, basi tadutsa.

Mutu unkadziwa kuti zasintha, pakamwa ndiye sipanamve. Tsiku lina ndikusesa pakati pa mabelo, ndinaona nyanga zikukweza katundu patsidya, pakamwa n'kuyamba pokha monga mwa kale. Ndinaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto. Potembenuka ndinapeza Bheki, woyendetsa, bambo wachizulu wamsinkhu wa mwana wanga, waima kumbuyo kwanga, chibwano chili pachiwongolero. Anandifunsa m'chizulu kuti chilankhulo chokoma chonchi n'chakuti. Ine ndinati yebo. Iye anaseka, amvekere, "Gogo, kulibe dziko lotchedwa Yebo."

Chinali chaka chija ankathamangitsa alendo, ena a inu munagona m'matenti. Bheki analibe mtima woipa ayi, nyimbo inangomukomera. Nthawi ya tiyi ankaiimba ndi likhweru, anzake atamufunsa anawauza kumene waitenga. Pakati pawo panali wina wokhala msewu umodzi ndi ine ku Clermont. Ameneyo anapita nayo nkhani ku Clermont komweko, yoti ndine mlendo.

Mwini nyumba anabwera, maso ali pansi, n'kundiuza kuti sakufuna kuti nyumba yake ipse. Ndinamupempha andipirire mpaka mwezi uthe. Loweruka pochokera kuntchito ndinapeza chitseko chili pansi, othamangitsa alendo atachigwetsa. Matiresi kulibe. Sitovu kulibe. Makina osokera a malemu mwana wanga, chinthu chokhacho chotsala chimene manja ake anagwira, kulibe. Adzukulu anga, Chisomo ndi kamlongo kake, atakhala m'mbali mwa msewu, akumbatira zikwama zasukulu.

Abale ndi alongo, apo ndinakangana ndi Mulungu. Ndinati ndimaimbira Inu, nyimboyo mwaipereka bwanji kwa anthu? Ndinasiya kupemphera. Tinagona kuseri kwa tchalitchi china, ana akundifunsa kuti tipita kuti.

Lolemba ndinapitabe kuntchito, nanga ndikanatani? Masana Bheki anamva. Anaika kagalimoto kake pamagetsi, n'kubwera atavula chipewa. Akuti sanadziwe kuti zifika pamenepo. Ine zonse zinatuluka, ndipo zinatuluka m'Chichewa, pamaso pa aliyense. Ndinamuuza za makina, za ana, za maliro a mwana wanga, ndinamutchula chitsiru cha likhweru. Sanamve ngakhale liwu limodzi, koma sanachoke. Nditatha anatulutsa foni n'kuimbira amayi ake.

Madzulo anatitenga pa galimoto yake mpaka kwawo. Amayi akewo, MaNgcobo, nkhalamba inzanga yoyendera ndodo, anatiyang'ana ife, n'kumuyang'ana iye. Anati, "Wagwetsa nyumba ya mayiyu ndiwe ndi milomo yakoyo. Agona m'chipinda chako, iwe ugone m'galimoto." Ndipo anagonamodi. Anyamata ena atabwera kudzafunsa kuti alendowo ndani, MaNgcobo anakoka mpando n'kukhala pageti. Anawauza kuti ndine mlamu wawo, wofuna kulowa ayambe wawasuntha iwo. Anyamata aja anabwerera.

Lero ndikukhalabe komweko, m'kachipinda kakuseri. Ndikusesabe. Kuntchito onse akudziwa kwathu, ena amandipatsa moni, ena anasiya. Makina aja sanabwerere. Pemphero linabwerera pang'onopang'ono, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anatipezera denga m'nyumba ya munthu amene ndinkamuyesa mdani. Zikomo Ambuye, zikomo.

Koma mundithandize kupempherera Chisomo. Mwanayu anaona chitseko chikugwa. Chiyambire tsiku limenelo, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'chizulu. Ndikamuitana dzina lake, amayamba wayang'ana pazenera kuti aone ngati pali wina wamva. Mumutchule m'mapemphero anu, abale. Ameni.