Kalata Yopepesa ya a Hopewell Khuliwa

Malemu a Hopewell Khuliwa, amene tikuwaperekeza lero, anabadwa pa 14 Juni 1961 ku Likhubula. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pano ndine Pilato, mng'ono wawo. Bambo athu ankacheka matabwa ku Chambe, pamwamba pa phiri, ndi kutsika nawo pamutu, ndipo analumbira kuti mwana wawo woyamba sadzasenza thabwa. Malemu anayamba sukulu mu 1968 nakhoza mayeso a JC mu 1978. Ankalemba mokongola kwambiri moti makalata a mudzi wonse ankadutsa m'manja mwawo. Iwonso ankadziwa kuti amatha, ndipo cholembera sichinkachoka pathumba la malaya ngakhale popita kumunda.

Mu 1980 anayamba ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Mu 1985 anamanga banja ndi mayi Christobel, nakhala chikamwini kuno ku Chonde.

Zimene ndinene tsopano, abale ena anandipempha kuti ndilumphe. Sindilumpha, chifukwa malemu anandilamula pamaso pa abusa kuti ndizinene.

Mu Meyi 2006, mlongo wathu wotsiriza, mayi Enifa, amene ankathyola tiyi, anagula botolo la mafuta ophikira pa okala ina mumsika wa Chonde. Kenako analowa m'shopu ina yaikulu kukagula shuga. Potuluka, mlonda anawasecha m'jumbo napeza botolo lija, lofanana ndi a pashelefu, lopanda lisiti. Anawatengera kupolisi. Atatuluka pa belo, tinakhala pansi ngati banja. Mayi Enifa anakana molira kuti sanabe, natchula amene anawagulitsa mafutawo, a Mustafa. Ife sitinapite kukawafunsa. Tinamva kuti apita ku Mozambique kukapikula katundu, tinaona ngati n'kutali.

Malemu, monga mwinimbumba, anagamula mwa mwambo wathu. Kwathu kuno mlandu ukabuka, akuluakulu amapita kukapepesa kuti mtima wa mnzawo utsike, kaya mwana walakwa kaya sanalakwe. Analemba kalata yopepesa m'dzina la mlongo wawo. Mayi Enifa sankatha kuwerenga, anangodinda chala pokhulupirira achimwene awo. Nkhuku yopepesera ndinanyamula ndine. Mwini shopu analandira nkhukuyo, kalatayo anaipereka kupolisi. Kukhoti inawerengedwa ngati kuvomera mlandu, ndipo mlongo wathu analamulidwa kukhala kundende miyezi isanu ndi inayi. Anasiya mwana wa zaka ziwiri, Takondwa. Anatulukako akutsokomola, namwalira mu Ogasiti 2007.

Pamaliro pawo panabwera a Mustafa. Anatitengera pambali, malemu ndi ine, natiuza kuti mafuta aja anagulitsadi ndi iwo, ndipo akanabwera kukhoti tikanawatumizira uthenga. Manyazi anatigwira. Tinawapempha kuti asauze munthu, ndipo mlongo wathu tinamuika m'manda ndi dzina la wakuba.

Kuchokera tsiku limenelo malemu sanalemberenso munthu kalata. Nkhuku analeka kudya. Akafika pa shopu ija ankawoloka msewu n'kudutsa mbali inayo, ngakhale shopuyo itatsekedwa n'kusanduka chigayo. Mayi Christobel akuchitira umboni kuti nthawi zina malemu ankaima pakati pa chakudya n'kupita pakhomo, ati amva munthu akutsokomola panja.

Mu 2008 anasiya ukalaliki nakaphunzira ntchito yothandiza anthu pa za malamulo ku bungwe lina. Sanali loya, ndipo kukhoti ankakhala pa benchi yakumbuyo. Koma m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kupita kupolisi kukafunsa ngati muli wina amene wagwidwa m'shopu. Chiphunzitso chawo chinali chimodzimodzi chaka ndi chaka. Munthu asadinde chala papepala limene sanamuwerengere. Abale asathamangire kukapepesa nkhani isanafufuzidwe. Woganiziridwa akatchula kumene anagula katundu, malemu ankapita tsiku lomwelo, kaya ndi ku Muloza kaya ndi kuseri kwa phiri, mpaka am'peze wogulitsayo. Amene anabadi sankawanyoza. Ankawathandiza kupempha belo, kubweza katundu pamaso pa apolisi, ndi kufotokozera khoti za ana amene asiya kunyumba kuti chilango chichepe.

Ena mwa inu munkawatcha loya wa akuba. Ndikukuonani, ndipo ena munadzagogoda pakhomo pawo ana anu atagwidwa ndi sopo m'thumba. Malemu sanakubwezeni. Amayi ambiri a m'dera lino anagona kunyumba kwawo m'malo mwa kundende chifukwa cha njinga ija. Koma ndikawayamikira, ankangondiyang'ana n'kunena kuti amene ankafunika kum'pulumutsa anali mmodzi.

Takondwa anamulera ndi iwo. Kusukulu anzake ankabisa zikwama akamuona, ndipo pomwe amafunsiridwa banja chaka chatha, akuchimuna anayamba afunsa za mayi ake. Malemu anamva zonsezi, anayesa kangapo kumuuza zoona, koma pakamwa pankawalemera. Inenso ndinali chete, ndipo ndikuchita manyazi.

Mu Novembala 2024 anadwala sitiroko nagonekedwa m'chipatala milungu itatu. Atabwerera kunyumba, amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa anali Takondwa yemweyo. Iye akalowa m'chipinda, malemu ankamutcha Enifa, n'kumamufunsa ngati wawerengeredwa kalata ija. Mwanayu ankaganiza kuti ndi matenda chabe. Mu Febuluwale, tsiku lina mutu uli bwinobwino, anaitanitsa abusa ndi ine natipatsa mawu amene ndanenawa. Anatisiya pa 3 Malichi 2025, ali ndi zaka 63.

Malemu asiya mkazi, mayi Christobel, ana atatu, Hopeson, Agatha ndi Millie, mwana wa mlongo wawo Takondwa amene anamulera ngati wawo, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi amene agwira ntchito kuyambira dzana, ndi anzawo a kuntchito amene abwera ndi galimoto. Tikuthokoza mwapadera a Mustafa, amene akhala apo pansi pa mtengo wa mapeyala. Tinawatseka pakamwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, lero avomera kubwera kuti aliyense wokayika akawafunse yekha.

Takondwa, mwana wa mlongo wanga, imva pamaso pa anthu onsewa. Mayi ako sanabe. Mafuta aja anagula. Amene tinalakwa ndife amalume ako, ndipo kupepesa kumene kunkafunika n'kuno, kwa iwe.

Mzimu wa a Hopewell Khuliwa uuse mumtendere, umene pansi pano sanaupeze. Nawonso mayi Enifa, lero apumule.