Za Pansi pa Botolo

Wokonza mawailesi anali atauza mkazi wake kalekale kuti m'kachipinda ka ntchito azingoyankha zimene wafunsidwa, basi. Lero TV ya apongozi ake inali gadaa patebulo, eni ake akubwera kudzaitenga mpira usanayambe, ndipo nsonga ya chowotcherera mawaya inali itatha masiku atatu m'kapu ya mankhwala otsukira m'chimbudzi.

"Botolo langa lija ndi ili?" anafunsa mkaziyo, ataima pakhomo.

"Ndabwereka. Nsonga inada ngati kunsi kwa poto. Tawerengani apo, palembedwa kuti amachotsa dzimbiri?"

"Palembedwa."

"Mwaonatu!"

"Pansi pake palinso..."

"Ndafunsa za pansi?"

"Ayi."

Mwamunayo anavuula nsongayo ndi pulayala. Madzi a m'kapu anali atasanduka obiriwira. Koma iye nkhope anaiumitsa.

"Yayera kapena sinayere?"

"Yayera."

"Ndiye mukuiyang'ana choncho bwanji?"

"Lolemba inali yaitali."

"Yasongoka! Pensulo mukaisongola imatalika?"

"Ayi. Imatha."

"Aaa, inu! Ndinyamulireni tochi."

Anaipukuta, naibwezera pa chowotcherera, nalumikiza kumagetsi, nadikira itenthe. Atagunditsa mtovu, m'malo momata pansonga unangoti bulungu, n'kugwera pantchafu yake.

"Mayooo!"

"Pamenepo wamata," anatero mkaziyo.

"Mtovu wa masiku ano ngwachinyengo! Walitsani apa."

Mkaziyo anawalitsa pantchafu.

"Osati pamwendo! Pa TV!"

"Munati apa, mukuloza apo."

Mwamunayo anayesanso. Nsonga inali ndi timaenje ngati dzino lobooka. Anakumbukira mawu a apongozi tsiku lina patebulo, akuti mkamwini wawo amangodziwa kumasula zinthu, kubwezera ayi. 

"Mayi a mwana, tandiuzani zoona. Mankhwala angadye chitsulo?"

"Alibe mano."

"Ndi zomwe ndikunena ine!"

"Koma dzimbirinso lilibe."

"Ndani wafunsa za dzimbiri?"

"Palibe."

Anakanikiza mwamphamvu pa waya wothothoka wa mu TV muja. Nsonga inangoti phwa, kachidutswa n'kugwera m'kati mwa TV. Onse awiri anasuzumira.

"Mwakaona?"

"Ndakaona."

"Kali kuti?"

"Munafunsa ngati ndakaona kakugwa, kapena pomwe kafikira?"

Mwamunayo anakhala pampando, natsamira khoma. Kwa kanthawi ankangoyang'ana botolo lija.

"Chabwino. Pansi pake palembedwa chiyani?"

Mkaziyo anakonza kukhosi, nawerenga pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. "Chenjezo. Musathire pa chitsulo, pa mkuwa, kapena pa chilichonse chonyezimira."

"Ha! Masiku atatu onsewa mumadziwa?"

"Chaka chonse. Ndi chifukwa chake mipope yathu ikadalipo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinayamba. Munati simunafunse za pansi."

Kunja geti inalira, kenako mluzu wa munthu wokondwa, ukuyandikira. Mwamunayo anadzambatuka, nabisa chowotcherera kumbuyo, kenako yekha n'kukwawira kunsi kwa tebulo.

"Ndapota nanu, mkazi wanga wabwino," ananong'ona. "Auzeni bambo kuti ndachoka."

"Mawu omwewo?"

"Omwewo! Musaonjezere kalikonse!"

Mkaziyo anatsegula chitseko bwinobwino, nagwada mwaulemu.

"Bambo, akuti ndachoka."

Apongozi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana TV yong'ambulidwa, kenako mapazi awiri otulukira kunsi kwa tebulo.

"Iwe wachoka? Nanga mwamuna wako ali kuti?"

Mkaziyo anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Eya. Inu ndiye mwafunsa za pansi."