Amuna Atatu M'chipinda cha a Stadler

A Orville Stadler, mlembi wa nthano za m'magazini otchipa ku Chicago, anali pakati polemba za chombo chotera kumwezi pamene mayi Dombrowski, eni nyumba, analowa atanyamula sutikesi ya bamboyo.

"Longedzani, a Stadler. Ndinapereka chipinda kwa mwamuna mmodzi, osati atatu."

"Atatu ati, mayi?"

"Wapositi amafunsa Hal Brennick, amafunsa Lorna Maybry."

"Lornayo ndi mwamuna?"

"Ndiye zanyanyiratu. Mkazi m'nyumba mwanga?" Anasuzumira pansi pa bedi.

A Stadler anavula magalasi n'kupukuta. "Onsewo ndine. Stadler amalemba za kumwezi, Brennick za apolisi, Lorna zachikondi. Akonzi safuna dzina limodzi katatu m'magazini imodzi."

"Amagona pati?"

"M'mutu mwangamu."

"Paja m'bafa madzi otentha sachedwa kutha."

"Samasamba, mayi."

"Chifukwa china chowathamangitsira." Mayiwo anatsegula kabati, nagwedeza jekete lililonse. "Komanso musanamizire kuti ndinu a Brennick. Ine ndimawawerenga mwezi uliwonse. Munthu uja ndi wanzeru. Inu dzulo munafuna chipewa nyumba yonse chili kumutu."

Zimenezi zinawawawa a Stadler kuposa sutikesi ija.

"Chabwino. Nkhani ya Brennick ya wapolisi Garrity inathera pati?"

"Ali padenga la fakitale, mvula ikugwa."

"Mwezi wamawa aterereka. Amene akumuthamangitsa ndi mlamu wake, wometa anthu uja."

Mayi Dombrowski anakhala pabedi pang'onopang'ono. "Wometa uja? Ndinkamukayikira. Ndiye Garrity athyoka mwendo?"

"Afa."

"Afa bwanji?"

"Ngati mmene amafera aliyense wogwa padenga. Ndatopa naye. Za kumwezi ndi zimene zikuyenda malonda tsopano."

"Ali ndi ana awiri, a Stadler."

"Ndinawalemba ndine anawo."

"Ndiye mukuwadziwa bwino. Adya chiyani?"

A Stadler anaona kuti apambana. Anamwetulira, natambasula dzanja kuti alandire sutikesi yawo. "Mwakhulupirira tsono kuti ndili ndekha muno?"

"Ndakhulupirira."

Mayiwo anaimirira, nazula kiyi pachitseko, natuluka ndi sutikesi yomwe. Loko analira kunja.

"Mayi Dombrowski, mwati ndilongedze, nanga izi?"

"A Stadler atha kupita kumwezi tsiku lililonse limene afuna," anayankha mayiwo ali pamasitepe. "Koma a Brennick satuluka mpaka atayala matiresi pansi pa denga la fakitale lija."