Thumba la makoko m'malo mwa mpira

Mwafunsa ngati foni ingathandize mwana wolumala, eti? Imani ndikuuzeni zanga.

Mwana wanga wamkazi anabadwa khosi lili lende, mpaka kukula osatha kukhala yekha. Kwathu kuno ku Dambe mvula ikagwa msewu wopita kuchipatala suyendeka, ndiye adokotala a mafizo anatiikira mavidiyo m'foni kuti tizimuwongola pakhomo.

Koma m'vidiyomo mwana ankamugoneka pachimpira chachikulu. Kodi ine mpira wotero ndikanautenga kuti? Ndinangosiya, kuopa kuti popanda mpirawo ndimupweteka. Dzinja lonse mwana ali chigonere, timanja n'kuyamba kuuma.

Tsiku lina adokotalawo anaimba foni. "Mayi, bwanji simukutitumizira vidiyo ya mwana?"

Nditafotokoza anaseka. "Aa, mpirawo si mankhwala ayi! Thumba la fetereza mulibe? Dzazanimo makoko a chimanga, musoke."

Basi, ndinasoka. Ndimamugoneka chafufumimba pathumbapo, mkulu wake n'kumagogoda chigubu kutsogolo. Pano amadzutsa mutu kuti aone chikuliracho. Kukhala sanayambe, sindinama, koma khosi lalimba.

Amayi anzanga, chikakusowani cha m'vidiyo muzifunsa, osangokhala chete. Adokotala ondithandizawo ndi mayi Nachisale.