Njinga Zimene Alamu Anga Anazikana

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala pa Phwezi, kumpoto kuno, kwawo kwa amuna anga. Ndikufuna mumve mmene Mulungu anandidzutsira anthu atandigwetsa.

Amuna anga ankakonza njinga m'mbali mwa msewu waukulu. Atamwalira, achibale awo anatenga zonse, mbuzi, malata, ndi matiresi omwe. Anangosiya njinga zakale zampikisano zimene malemu ankagula pa kaunjika, zija za matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi. Alamu anga aakulu anazikankha ndi phazi. "Izi sizinyamula thumba la chimanga, wakabaza sangazifune. Tengani, mukwere nazo basi ya kwanu."

Basiyo sindinakwere. Ana anga anabadwira kuno, manda a bambo awo ali kuno. Koma njala inatikwapula, mpaka mwana wamkulu anasiya sukulu. Ndinkapemphera mokalipa ndithu: "Ambuye, ngati mwandisiyira zitsulo, zitsulo zomwezi zindidyetse."

Tsiku lina ndinazitulutsa panja kuti wogula zitsulo zakutha adzaziike pa sikelo. Mphunzitsi wina wa ku Livingstonia, wokonda kupalasa njinga, anaima kubwereka pampu. Ataziona anagwada n'kuyamba kuzisisita.

"Mama, musayerekeze kugulitsa pa kilo!" anatero. "Izi ndi zimene oyamba kumene mpikisano akuzisaka. Chitsulo chake n'cholimba, sizivuta kukonza, pomwe zamakonozi achinyamata sangazifikire."

Anandiphunzitsa kumanga masipoko ndi kuwongola magiya, n'kujambula imodzi pafoni kutumizira anzake. Posakhalitsa anafika ogula a ku Mzuzu, kenako a ku Lilongwe, kuchita kulimbirana. Lero ndimaitanitsa zina, ndimakonza ndekha ndi masipanala a malemu, ndipo mwana wanga ali m'kalasi.

Nkhani itamveka, alamu aja anabwera, akuti njinga ndi za banja. Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, kenako ndinawayang'ana m'maso n'kuwathokoza m'chiyankhulo cha kwawo. "Yewo chomene pobwera, alamu, koma pano simuchoka ndi nati ngakhale imodzi." Alamu aja anabwerera chimanjamanja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero laukali lija osandikwiyira. Inu amayi anzanga amene mukuuzidwa kuti mulongedze, musalongedze. Lirani, pempherani, kenako pukutani maso muime pakhomo panu. Mwini moyo sanalankhule mawu omaliza.