Matabwa a Mbawa Abwerere Kumene Achokera

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1961 m'mudzi mwa amayi awo ku Katuli, ndipo anapatsidwa dzina lakuti Atumani Sefu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndaima panoyu ndine mng'ono wawo, ndipo ndatumidwa ndi banja, choncho zimene ndinene si zanga ndekha.

Sukulu anayamba mu 1968 konko ku Katuli, m'mawa m'kalasi, masana kumadrasa. Mu 1977 anasankhidwa kupita kusekondale kuno ku Mangochi, ndipo mu 1981 anapita ku Blantyre kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Mu 1988 anamanga banja ndi mayi Mwanabibi a ku Chowe. Anagwira ntchito m'boma mpaka mu 1999, pamene anabwerera kuno kudzayamba zawozawo.

Ntchito yawo inali kujambula ndi kuyang'anira nyumba zapamwamba za anthu opeza bwino, koma kagwiridwe kake kanali kawokawo. Akapatsidwa malo sankayamba ndi nkhwangwa ngati amisiri ena. Ankatenga mpando n'kukhala pamalopo sabata yathunthu, akukhoma zikhomo pamene mthunzi wa mtengo uliwonse wafika m'mawa, masana ndi madzulo. Akatero m'pamene ankajambula, nyumba n'kumapeza malo ake pakati pa mitengo. Njerwa ankaumba zosawotcha kuti mitengo isathere m'ng'anjo, mawindo ankaika moyang'ana mphepo ya kunyanja, ndipo magetsi ndi madzi otentha zinkachokera kudzuwa. Ena mwa inu munkawaseka kuti ndi alonda a mthunzi. Munaseka ndithu, koma Okutobala akafika ndinu nomwe munkadzakhala pakhonde pawo mpaka kuiwala njira ya kwanu.

Mu 2021 kunabwera bwana wina wa ku Blantyre. Dzina sinditchula, poti ali pompano ndipo akudzidziwa. Anagula malo a mitengo yachilengedwe chakufupi ndi Makokola, n'kufuna nyumba yoti ina isafanane nayo. Malemu anaigwira ntchitoyo zaka ziwiri. Chakumadzulo kwa malowo, mbali ya kumsewu, kunali mbawa yaikulu yoti anthu atatu atagwirana manja sakanaizungulira, ndipo nyumba yonse anaijambula modalira mthunzi wake. Itatha mu 2023, woyenda pamsewu wa ku Monkey Bay sankaiona n'komwe, ndipo mkati mwake munkazizira popanda makina alionse.

Pa 9 Juni 2024 malemu anagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja n'kufa, pakamwa n'kumangika. Iwo ali chigonere, bwanawo anaona kuti anzawo akumadutsa pamsewu osadziwa kuti kuseri kwa mitengoko kuli nyumba yawo. Ha! Nyumba yodula chonchija osaonedwa ndi okwera minibasi? Amisiri a malemu atakana kudula, anaitana a macheka ena, ndipo tsiku limodzi lokha mbawa ija inali pansi pamodzi ndi mitengo ina isanu ndi inayi. Khonde la kumadzulo analitseka ndi magalasi kuti lizinyezimira. Koma dzuwa la ku Mangochi silifunsa kuti mwini nyumba ali ndi galimoto zingati. Linalowa. Anaikamo makina anayi oziziritsira, sola ija inalephera kuwakoka, anagula jenereta, mbalame zinathawa phokoso, alendo awo nawo anayamba kugona panja.

Apa m'pamene panabadwa bodza limene banja landiimikira pano. Bwanawo anayamba kuuza anthu, ku Blantyre ndi kuno komwe, kuti Che Atumani anawamangira uvuni. Mabanja awiri amene anali atapereka kale ntchito anabwera kudzailanda. Mawuwo anafika mpaka pabedi pamene panagona munthu woti sangathe kuyankha. Malemu ankangogwetsa misozi, dzanja lamanzere likuloza kabati momwe munali mapulani. Mayi Mwanabibi ndi mboni. Kunyoza munthu womangika pakamwa si uchamuna ayi, ndi mantha, ngakhale wochitayo atavala suti. Mapulaniwo tawatulutsa, ali patebulo apo. Mbawa ija anaizunguliza ndi inki yofiira, pambali pake n'kulemba ndi dzanja lawo kuti isadulidwe. Amene amadziwa kuwerenga akaone, ndipo akauze amene anawauza zija.

Malemu anatisiya dzulo, pa 21 Febuluwale 2025, titangochoka ku swala ya Ijumaa, mapemphero athu a Lachisanu. Anali ndi zaka 63.

M'mawa uno kwafika lole. Mukudziwa mwambo wathu, kuti thupi likagonekedwa m'manda timalitchinga ndi mitengo kapena matabwa dothi lisanathiridwe. Bwanawo atitumizira matabwa opalidwa bwino, akuti chipepeso. Tawayang'anitsitsa, ndipo amisiri a malemu awazindikira. Ndi a mbawa yomwe ija. Abale inu, manyazi anathera kuti? Mtengo umene anaulirira miyezi yambiri ali pabedi, womwewo ukawagonere pamwamba mpaka tsiku la Kiyama, la chiweruzo? Banja lakana. Titchinga ndi nthambi zouma za m'kankhalango kawo kuseri kwa nyumbayi, zogwa zokha, zimene malemu ankaunjika pambali pa khitchini.

Che Atumani asiya mkazi wawo, mayi Mwanabibi, ana atatu, Hafiz, Ajira ndi Awa, komanso zidzukulu zisanu. Mwana wawo Awa ndiye watenga mpando ndi zikhomo za bambo ake, ndipo ntchito ipitirira pa dzina lomwelo. Tikuthokoza a shehe ndi onse a pamzikiti, anamwino amene anawasamalira, amayi a ku Chowe amene sanachoke pambali pa mnzawo, ndi amisiri amene anakana kugwira macheka tsiku lija. Eni lole tikuwathokozanso potivutikira. Matabwa awo ali pageti, asawaiwale pobwerera.

Allah awakhululukire Che Atumani Sefu, awakulitsire manda awo, ndipo ause mumtendere pansi pa mthunzi umene palibe angaudule.